Musanadule sailensa ya pikapu yanu

Akonzi, ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga amene timadyera pikapu za dizilo, chifukwa kwabwera kachitidwe kena kamene kakutitapa ndalama m'thumba. Masiku ano mukaima pa Lizulu kapena pa Kampepuza tsiku la msika, pikapu zina mumazimva zisanaoneke n'komwe. Eni ake adadula sailensa, ena adaika paipi yaikulu ngati ya mjigo, ena adachita kuitanitsa yonyezimira kuchokera ku Joni. Mukawafunsa chifukwa chake, yankho limakhala limodzi: akuti galimoto ipume bwino, izikoka katundu komanso izimwa mafuta ochepa. Ndi mmene dizilo wakwerera mtengomu, mawu omaliza aja ndiwo amakola munthu.

Ine ndili ndi Toyota Hilux ya 2010, ya injini ya 2.5 D-4D, imene ndidagula kwa munthu wina itayendapo kale. Ntchito yake n'kutenga mbatatesi, kabichi ndi anyezi kumapiri a Tsangano kukatula ku Lunzu ndi ku Limbe. Koma aliyense amene ali ndi pikapu kumudzi akudziwa kuti galimoto yotere siikhala ya mwini yekha. Ndiyo ambulansi ya usiku mayi akayamba matenda, ndiyo imanyamula bokosi ndi azimayi a mvano pamaliro, ndiyonso imaperekeza mkwatibwi. Fizi ya ana anga imachokera m'galimoto imeneyi. Tsono ekizozi yake itadyeka ndi dzimbiri chaka chatha, sailensa n'kubooka pansi, nkhani yosankha ina sinali yamasewera kwa ine.

Malangizo adabwera ambiri kuposa mmene ndimayembekezera. Mwana wa mchemwali wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg adandiimbira foni. "Amalume, musavutike. Tumizani ndalama ndikugulireni freeflow ya 76, yosachita dzimbiri, ndikweza pa basi. Galimoto imeneyo isanduka ina." Mnyamata wowotcherera wa pamalo pathu adati zonsezo n'kutaya ndalama. "Bwana, tingodula chimphika ichi, tiike paipi yolunjika. Pofika masana mukhala mutanyamuka." Mtengo umene adatchula unali wochepa kwambiri moti ndidaima kaye n'kuganiza. Wachitatu anali makaniko wachikulire amene wakhala akundikonzera galimoto zaka zonsezi. Iyeyu adangondifunsa kuti, "Kodi achimwene, mukufuna galimoto ikoke kapena ilire? Chifukwa zimenezi n'zinthu ziwiri."

Funso limenelo lidandichititsa kufufuza, ndipo zimene ndidapeza ndi zimene ndikufuna kugawana ndi awerengi.

Anyamatawa sakunama kotheratu. Injini ya turbo imakondadi njira yotakasuka yotulutsira utsi. Turbo ndi kampeni ka mapiko kamene kamazunguliridwa ndi utsi wotuluka m'injini, ndipo kakamazungulira kamapopera mpweya wambiri m'injinimo. Utsi ukamapanikizika kuseri kwa turbo chifukwa paipi yaphwanyika, yatsekeka kapena njopapatiza, mapiko aja amachedwa kuthamanga ndipo kutentha kumaunjikana. Mukautsegulira njira, turbo imadzuka msanga pang'ono ndipo utsi umatuluka usanatenthetse zinthu kwambiri. Zoti injini imafuna kupanikizika kwina kuti ikhale ndi mphamvu, monga ena amanenera, sizikhudza injini ya dizilo ya turbo.

Pamene nkhani imapotokera ndi pa kukula kwa phindulo. Mphamvu ya injini ya dizilo imachokera ku mafuta amene alowa m'silinda, ndipo m'magalimoto a D-4D ndi anzake a masiku ano, amene amayeza mafutawo ndi kompyuta. Mukasintha paipi, kompyuta ija siidziwa kuti mwawononga ndalama. Ipitiriza kuthira mafuta omwe aja. Injini yanga idatuluka kufakitale ndi mphamvu ya makilowati 75, pamene mkulu wake, 3.0 D-4D, ali ndi 120. Palibe paipi padziko pano imene ingasandutse 75 kukhala 120. Amene amaonadi kusintha kwakukulu ndi aja amasinthanso kompyuta kuti izithira mafuta ambiri, ndipo kumeneko ndi kumene paipi yaikulu imafunikadi, chifukwa mafuta ambiri amabweretsa moto wambiri. Odziwa ntchito imeneyi amaika geji yoyeza kutentha kwa utsi, ndipo amayesetsa kuti kusakhalitse pamwamba pa madigiri 700. Ife amene timakwera chitunda cha kuchokera pa Zalewa kupita ku Lirangwe titasenza matumba mpaka masipuling'i kuwongoka, opanda geji iliyonse, kusewera ndi mafuta kotere n'kuitana pisitoni yong'aluka. Mtengo wotsitsa injini sindikuuzani, mukuudziwa.

Ndiye pali anzathu a magalimoto opanda turbo, monga Hilux zakale za injini ya 3L ndi 5L, zimene zikadali zambiri m'misewu yathu. Kwa amenewa paipi ya 76 ilibe chimene ingagwire. Injini yotere siitulutsa utsi wodzaza paipi imeneyo. Chimene mwagula ndi phokoso basi.

Manambala awa a 63 ndi 76 amene mumamva ndi mamilimita a kukula kwa kamwa la paipi. Ya 63 ndi imene ena amati mainchesi awiri ndi theka, ya 76 ndi ya mainchesi atatu. Pongoyang'ana zimasiyana pang'ono, koma mukawerengera mpata wa mkati, ya 76 imaposa inzake ndi pafupifupi theka. Mpata wonsewo injini ya 2.5 yosasinthidwa kompyuta siiufuna. Ndiponso paipi yonenepa imavuta kuidutsa pamwamba pa ekiselo ya kumbuyo. Galimoto ikakhala yopanda katundu zonse zimaoneka bwino, koma ikasenza n'kulowa m'mabampu a kwathu kuno, ekiselo imakwera n'kuyamba kugogoda paipi. Ndaonapo pikapu ya mnzanga ili ndi paipi yamtengo wapatali itaphwatalala pamalo pamenepo, moti mpata umene adaulipirira udatsala wochepa kuposa wa paipi yakale.

Zimenezi zikundifikitsa pa kapindidwe, nkhani imene ogulitsa satchula. Paipi ikapindidwa ndi makina wamba, pokhota pamafinyika ndipo pamachita makwinya. Mukhoza kugula ya 76, koma ngati yafinyika m'makona atatu, utsi ukudutsa pa mpata wa paipi yaing'ono. Mapaipi abwino amapindidwa ndi makina amene amalowetsa chitsulo mkati popinda kuti kamwa likhale lofanana paliponse. Amatchedwa mandrel. Kumene kulibe makina otere, mmisiri wabwino amagula makona opindiratu n'kuwalumikiza mwaukhondo. Pitani mukaone ntchito imene mmisiriyo adagwirapo kale, mugwade pansi pa galimoto ya munthu wina, muyendetse dzanja pokhota injini itazizira. Dzanja limakuuzani zimene pakamwa pa wogulitsa sipanena.

Za chitsulo nazo zili ndi msampha wake. Aliyense amangoti "stainless", koma zilipo za mitundu. Iwiri yodziwika pa ekizozi ndi 409 ndi 304. Ya 409 njotsikirapo mtengo, imagwira maginito, ndipo pakapita nthawi imachita kadzimbiri kofiirira pamwamba koma siibooka msanga. Ya 304 njodula, imakhalabe yowala, ndipo maginito saigwira kapena amangoigwira mofooka. Choncho munthu akakutchulirani mtengo wa 304, tulutsani maginito a sipika yakale ya wailesi muyese. Akamamatira mwamphamvu, mukugulitsidwa chinthu china. Kwa ife a kumtunda kuno, kumene kulibe mchere wa m'nyanja yaikulu monga ku Beira kapena ku Durban, 409 njokwanira. Chitsulo wamba nacho sichoipa ngati thumba lavuta, kungoti mudzabwereranso kwa wowotcherera pakapita zaka zochepa, makamaka ngati galimoto imayenda maulendo afupiafupi amene sapereka mpata woti madzi a m'paipi aume. Chimene sindingalole pa galimoto yanga ndi paipi ya madzi, ija yokutidwa ndi zinki imene ena amatola pa sikirapu. Njolemera, imathyola zopachikira, ndipo utsi wake poiwotcherera umadwalitsa mmisiri.

Koma chimene chidandigamulira nkhani sichinali chitsulo kapena mamilimita. Chinali anthu amene amakhala kumbuyo.

Dalaivala ali kutsogolo, mawindo otseka, wailesi ikuimba. Utsi sauona. Amene amaupuma ndi mayi amene wakhala pa thumba la chimanga mwana ali kumsana. Galimoto ikamathamanga, mphepo ya kumbuyo kwake imazungulira n'kubwerera, ndipo imatenga utsi kuulowetsa m'bodi, makamaka ngati pali kanope kapena tenti yotsegula kumbuyo. Tsono taganizani fashoni yabwerayi yodula paipi kuti ithere pansi pa bodi, kapena kuitulutsira m'mbali kutsogolo kwa tayala la kumbuyo, pansi penipeni pa mphuno za okwera. M'chaka cha 2012 bungwe lofufuza za khansa la pansi pa World Health Organization lidaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa, makamaka ya m'mapapo. Si nkhani ya mutu kuwawa ndi maso kuyabwa kokha ayi. Mnyamata amene amandithandiza kukweza katundu amakhala kumbuyoko masiku ambiri pa sabata. Ndi mwana wa eni ake. Paipi iyenera kufika kumapeto kwa galimoto, kuseri kwa tayala la kumbuyo, italoza kunja ndi pansi pang'ono, monga mmene opanga galimoto adaikira. Sadaike choncho mwangozi.

Ndipo ikamadutsa pansipo isayandikire thanki, mapaipi a mabuleki, mawaya kapena tayala la sipeya. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala timalowa m'minda kukatenga katundu, udzu uli gwaa kuuma. Paipi yolendewera pansi, yotentha pambuyo pa chitunda, ikakhudza udzu umenewo mukhoza kuotcha galimoto ndi munda wa mwini womwe.

Phokoso nalo ndilinenepo, ngakhale ndikudziwa kuti achinyamata andiseka. Tsiku loyamba kulira kwa paipi yolunjika kumakoma, turbo ikuimba mluzu, ana akuthamangira kumsewu. Koma pali kulira kwina kwa mkati, kogunda m'makutu, kumene kumabwera injini ikamayenda mozungulira 2,000 pa geji, liwiro lenileni limene timayendera pa M1. Kuchoka pa Ntcheu, kudutsa pa Chingeni mpaka kukafika mu Limbe mutu uli m'ng'oma yotero, mumafika mutatopa ngati mwalima. Kulira kumeneku kumabisanso maphokoso ena amene dalaivala ayenera kumva, monga bering'i ikayamba kulira kapena china chikamasuka pansi. Komanso ine ndimanyamuka 3 koloko m'bandakucha. Anansi anga ali ndi ana, ena ali ndi odwala. Ndipo sindikudziwa kuti ndingalowe bwanji pa siwa, anthu akuimba nyimbo za maliro, galimoto yonyamula thupi ikubangula ngati ili pa mpikisano. Pamsewu napo, galimoto yaphokoso ndi imene wapolisi amayamba kuiona.

Pali anzathu ena amene vuto lawo ndi losiyana, ndipo ndiwachenjeze chifukwa akuchuluka. Pikapu zatsopanoko, makamaka zoitanitsa ku UK, zimabwera ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, imene amaitcha DPF. Sefa imeneyi imagwira mwaye, ndipo ikadzaza galimoto imautentha yokha pa moto wa madigiri pafupifupi 600. Kuti zimenezi zitheke imafuna ulendo wautali wothamanga bwino. Galimoto imene imangozungulira m'tauni, kuchoka ku Area 25 kupita ku Old Town pa mndandanda wa m'mawa, siipeza mpata umenewu. Sefa imatseka, nyali imayaka, mphamvu imathawa. Apa mpamene amakuuzani kuti tingoiboola kapena tiichotse. Dziwani kuti sefayo ili ndi masensa amene amalankhula ndi kompyuta. Mukaichotsa osakonza kompyuta, galimoto imadziteteza yokha n'kukana kuthamanga. Mukapeza wokonza kompyuta wosadziwa bwino ntchito, mwaika injini yonse m'manja mwake. Ndipo mwaye wonse umene sefa imagwira uja tsopano ukupita m'mapapo mwa anthu a mumsewu. Ku UK komweko, kuyambira mu Febuluwale 2014, galimoto imene idachotsedwa sefa imeneyi imalephera mayeso a pachaka a MOT, choncho abale athu ali kumeneko asatengere nzeru za kuno. Njira yotsika mtengo ndiyo kuthira oyilo woyenera injini za sefa, ndi kuitulutsa galimoto pamsewu waukulu kamodzikamodzi kuti itenthe mwaye wake. Koposa zonse, funsani musanagule ngati galimotoyo ili ndi sefa, muone ngati ikugwirizana ndi maulendo anu.

Chinanso chimene ndamva kawirikawiri n'chakuti galimoto ikufuka utsi wakuda, ndiye tiike paipi yaikulu. Utsi wakuda ndi mafuta amene sadapse bwino, mwina chifukwa achuluka kapena mpweya wachepa. Yambani mwaona sefa ya mpweya, imene m'fumbi la kwathu kuno imatseka msanga kuposa mmene buku limanenera. Onani mapaipi a mpweya wa turbo ngati sadang'ambike, kenako mainjekita. Paipi yaikulu ingothandiza utsi womwewo kutuluka mwaufulu, matenda ali pomwepo.

Tsono ine ndidachita chiyani? Mwana wa mchemwali wanga ndidamuthokoza, n'kumuuza kuti ndalama imeneyo ndigulira matayala awiri. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chogula ndi randi chimafika kuno chitalemera, osawerengera za basi ndi msonkho wa pachipata. Adadandaula pang'ono. "Amalume, inu ndi zachikale," adatero, koma tidaseka. Wowotcherera uja ndidamukanira za paipi yolunjika, koma ntchito ndidamupatsa yemweyo chifukwa dzanja lake ndi labwino, makaniko wachikulire uja akuyang'anira. Tidagula paipi ya 63 ya chitsulo cha 409, makona opindiratu, ndi sailensa yamtundu woongoka mkati, imene utsi umadutsa pa paipi yobooledwa timabowo yozunguliridwa ndi zomeza phokoso. Yotereyi siipanikiza utsi kwambiri koma imachepetsa kulira. Madala aja adaumirira zinthu ziwiri zimene ine sindikadaziganizira. Choyamba, kachigawo kofewa kolukidwa ndi waya kamene kamakhala pafupi ndi injini. Injini ya dizilo imanjenjemera, ndipo popanda kameneka kunjenjemerako kumakathera pa turbo kapena pa manifodi mpaka kung'alula. Chachiwiri, mphira zatsopano zopachikira, osati waya kapena chingwe cha tayala. Adakananso kuti paipi yonse iwotchereredwe kukhala chinthu chimodzi. Adati pakhale polumikiza ndi mabawuti, kuti tsiku lotsitsa giyabokosi tisadzachite kudula ndi sowo.

Titamaliza sitidathamangire kumsewu. Adandiuza kuti ndikweze matumba khumi a chimanga a mnansi wanga, ndipo iye adagwada n'kuona mpata umene watsala pakati pa paipi ndi ekiselo. Adapeza kuti wachepa, ndipo mnyamata uja adakwezanso paipi pang'ono. Kenako adaliza injini, n'kutseka kamwa la paipi ndi chisanza kwa kamphindi kuti amve ngati pali potulukira mpweya m'malo olumikiza. Padapezeka pamodzi, adakonza.

Za mafuta, poti ndi zimene aliyense amafuna kumva. Ine ndimasunga kabuku m'galimoto. Ndikathira dizilo ndimadzadza thanki, n'kulemba malita ndi makilomita, ndipo ndakhala ndikutero kuyambira pamene ndidagula galimotoyi. Nditayerekeza miyezi ya ekizozi yatsopano ndi miyezi yomweyo ya chaka chapitacho, njira yomweyo ndi katundu wofanana, kusiyana kudalipo koma kochepa kwambiri, kosaposa kumene ndimaona ndikayenda ndi matayala osapopa bwino. Chimene ndidamva m'phazi n'chakuti galimoto imadzuka msangako pang'ono ponyamuka ndi katundu, ndipo pa chitunda china chimene ndinkatsitsa giya msanga, tsopano ndimatsitsa mochedwerapo. Zokhazo. Anzanga a paipi zolunjika amalumbira kuti mafuta adatsika kwambiri, koma ndikawapempha kabuku palibe amene ali nako. Ndikukayikiranso kuti ambiri amamwetsa galimoto mafuta ochuluka kuposa kale, chifukwa munthu amene wagula phokoso amafuna kulimva, ndiye phazi silichoka pa moto.

Amene galimoto yake ikadali pa chitsimikizo cha kampani imene adagulako, afunse kaye asanakhudze ekizozi, chifukwa kusintha kotere kumatha kufafaniza chitsimikizocho. A inshuwalansi nawo ndi bwino kuwadziwitsa. Ndipo amene ekizozi yake ili bwinobwino, yosabooka, yosaphwanyika, ine ndingati aisiye. Ndalamayo agulire sefa ya mpweya, sefa ya dizilo ndi oyilo wabwino, ndipo yotsalayo apimitse mainjekita.

Wowerenga wanu,
Ntcheu